Black Panther ndi mkangano wa oonera: kodi ngwazi ndi chovala kapena munthu wachivalayo?

Pa 28 Ogasiti 2020 banja la Chadwick Boseman linalengeza kuti mwana wawo wamwalira ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 43. Ambirife amene tinamuonera ngati Mfumu T'Challa mu Black Panther tinali tisanamvepo n'komwe kuti akudwala. Madokotala anamupeza ndi matendawa mu 2016. Ndiye kuti kulimbana kuja kwa pamathithi, ndi kudumpha kuja pamwamba pa magalimoto mumzinda wa Busan ku South Korea, anazijambula ali pakati pa maopareshoni ndi mankhwala ofooketsa thupi. Misozi isanaume, funso linabuka pakati pa oonera ndipo mpaka lero silinagone: chovala chakuda chija adzavale ndani? Ena anati asachivalenso wina aliyense, T'Challa apite limodzi ndi Boseman. Ena anati kutero n'kupha munthu mmodzi kawiri. Kuti timve chimene magulu awiriwa akulimbirana, tiyenera kuyamba ndi chatsitsa dzaye, chifukwa mkangano wa oonera pa mafilimu a ngwazi zamphamvu zodabwitsa ndi wakale kuposa Black Panther, ndipo uli ndi kayendedwe kake.

Filimu wamba imabwera ndi anthu amene sitiwadziwa. Timakumana nawo nyali zikazima, n'kusiyana nawo zikayaka. Filimu ya ngwazi yamtunduwu siili choncho. T'Challa anamulenga Stan Lee ndi Jack Kirby, ndipo anaonekera koyamba m'komiki ya Fantastic Four nambala 52 mu Julayi 1966, Boseman asanabadwe. Batman ndi wa 1939, Superman wa 1938. Pamene kampani ikulengeza wosewera, pali anthu amene akhala ndi ngwaziyo m'mutu mwawo zaka makumi angapo. Amadziwa msinkhu wake, mawu ake, mmene imaimira ikakwiya. Kwa iwowa wosewera watsopano ali ngati mlendo amene wakhala pampando wa atate awo. Koma m'holo momwemo mwakhalanso munthu amene sanagwirepo komiki chibadwire, wangobwera kudzaona nkhonya ndi moto, ndi winanso amene wabwera chifukwa cha nkhope ya wosewerayo basi. Onsewa potuluka amati "inali bwino" kapena "yatayitsa nthawi", koma sakuyankha funso limodzi.

Gulu loyamba lija ndi limene limayamba kufuula, ndipo mbiri yake pa nkhani yolosera si yabwino. Michael Keaton atasankhidwa kukhala Batman wa filimu ya 1989, kampani ya Warner Bros. inalandira makalata odandaula pafupifupi 50,000. Amenewo ndi makalata a pepala ndi sitampa, intaneti kulibe. Anthu ankamudziwa ngati wanthabwala, ndipo ankati alibe chibwano cha ngwazi. Filimu itatuluka, inakhala imodzi mwa mafilimu amene anapeza ndalama zambiri chaka chimenecho. Hugh Jackman anamukana chifukwa cha kutalika: Wolverine wa m'makomiki ndi wamfupi, wa masentimita pafupifupi 160, pamene Jackman amapitirira 185. Anayamba gawolo mu 2000, ndipo mu 2024 anthu anali akudzazabe maholo kuti amuonere. Heath Ledger atalengezedwa mu 2006 kuti adzakhala Joker, ambiri anati mnyamata wa mafilimu a chikondi sangaopseze ndi mwana yemwe. Anamwalira mu Januwale 2008 filimu isanatuluke, ndipo chaka chotsatira anapatsidwa mphoto ya Oscar chifukwa cha gawo lomwelo.

Chitsanzo chimene chimandiphunzitsa kwambiri chili mkati mwa Black Panther momwemo. Michael B. Jordan anasewerapo Human Torch mu Fantastic Four ya 2015. Asanajambule n'komwe, anatukwanidwa chifukwa ngwaziyo m'makomiki ndi mzungu. Filimuyo inagwa chagada, ndipo otukwana aja anati mwaona, tinanena. Koma patangopita zaka zitatu munthu yemweyo, thupi lomwelo, mawu omwewo, anasewera Killmonger, mdani wa T'Challa, ndipo oonera ambiri anamuika pakati pa adani abwino kwambiri amene kampani ya Marvel inajambulapo. Chimene chinasintha si wosewera. Chinasintha ndi nkhani imene anamupatsa, ndi wotsogolera filimu, Ryan Coogler, amene anali atagwira naye kale ntchito mu Fruitvale Station ndi Creed ndipo ankadziwa pomugwira. Oonera timaona nkhope, choncho filimu ikaipa mlandu timaupatsa nkhope. Wolemba nkhani, wodula ndi kulumikiza zithunzi, bwana amene analamula kuti mapeto asinthidwe, onsewo sitiwaona, ndipo amapulumuka.

Boseman yekha sanakumane ndi phokoso lotero pamene Marvel inamulengeza mu Okutobala 2014. Anali atasewera kale Jackie Robinson mu 42 ndi James Brown mu Get on Up, anthu enieni amene Amereka akuda amawalemekeza, ndipo oonera anali atamuzolowera ngati munthu wotha kusenza dzina lolemera osawerama. Anaonekera koyamba ngati T'Challa mu Captain America: Civil War mu 2016, ndipo kumeneko ndi kumene kunachitika chinthu chimene chinadzaumba maganizo a oonera pambuyo pake. Boseman anafotokozapo kuti panali maganizo oti T'Challa azilankhula Chingerezi cha ku Britain kapena cha ku America, iye n'kukana. Mfundo yake inali yoti Wakanda, dziko longopeka la mu Africa limene T'Challa amalamulira, sinalamulidwepo ndi atsamunda, ndiye mfumu yake ingatengere kuti lilime la atsamunda? John Kani, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa amene anasewera atate ake, Mfumu T'Chaka, ndiye anabweretsa Chixhosa, ndipo chinakhala chilankhulo cha Wakanda.

Apa ndi pamene oonera a ku Africa ndi a ku America anayamba kuona mafilimu awiri osiyana pansalu imodzi. Kwa munthu wa ku Atlanta kapena ku Harlem, kumva mfumu yakuda ikulankhula ndi katchulidwe ka ku Africa, osati ngati wantchito kapena wothawa nkhondo koma ngati mwini dziko lolemera kuposa onse, chinali chinthu chogwetsa misozi. Kwa munthu amene Chixhosa anachiyamwira, khutu silinama. Ankamva pamene lilime lapunthwa. Ankamvanso kuti anthu a m'nyumba imodzi yachifumu akulankhula ngati anakulira m'mayiko asanu. Ndipo n'zoona, anakuliradi kosiyana. Boseman ndi wa ku South Carolina. Lupita Nyong'o anabadwira ku Mexico City n'kukulira ku Kenya. Danai Gurira anabadwira ku Iowa n'kukulira ku Zimbabwe. Letitia Wright anabadwira ku Guyana n'kukulira ku London. Daniel Kaluuya ndi wa ku London, makolo ake a ku Uganda. Winston Duke, amene anasewera M'Baku wolimbirana ufumu ndi T'Challa uja, ndi wa ku Tobago, ndipo anasankha katchulidwe kopendekera ku Nigeria. Forest Whitaker ndiye anthu anamunena kwambiri, poti katchulidwe kake sikankakhazikika dziko limodzi.

Zovala nazo zinagawa anthu chimodzimodzi. Ruth E. Carter anatenga mabulangete a Abasotho n'kuveka fuko lolondera malire, chipewa cha amayi a Chizulu n'kuveka Mfumukazi Ramonda amayi ake a T'Challa, mikombero ya m'khosi ya Andebele n'kuveka asilikali aakazi a Dora Milaje, mikanda ya Amasai, tsitsi lopaka dothi lofiira la Ahimba, mbale ya pamlomo ya mitundu ya ku Ethiopia. Ena anasangalala kuona chawo pansalu yaikulu dziko lonse likuyang'ana. Ena anati uku ndi kuona Africa ndi maso a kunja, kutola pano ndi apo ngati kontinenti yonse ndi mudzi umodzi. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zikunena zoona, ndipo sizitsutsana. Wakanda ndi loto la anthu amene makolo awo anachotsedwa ku Africa osadziwa kuti anachokera mudzi uti. Munthu wotere akamalota kwawo, amalota konse nthawi imodzi. Filimu imayambira ku Oakland mu 1992, kwawo kwa Coogler, ndipo imathera komweko. Sinabise kuti wolota ndani. Koma zimenezo sizilanda woonera wa ku Africa ufulu wonena kuti lilime ilo si lathu.

Mkangano waukulu koposa unali pa Killmonger. Taonani mmene amalowera m'nkhani. Waima m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London, wavala magalasi, akuyang'ana zosema za ku Africa zili m'magalasi otsekedwa. Akufunsa mayi woyang'anira malowo mwaulemu za chinthu chimodzichimodzi, mayiyo akuyankha ndi mtima wa mwini katundu, kapu ya khofi ili m'manja. Kenako mnyamatayo akumufunsa kuti makolo ake anazipeza bwanji zinthuzi, anagula kapena analanda. M'maholo ambiri pamenepa panamveka kung'ung'udza kovomereza, chifukwa nkhaniyo si yopeka: asilikali a Britain analanda zosema zambirimbiri mu ufumu wa Benin, ku Nigeria ya lero, mu 1897, ndipo zochuluka zikadali ku Ulaya. Mphindi yomweyo munthu amene tagwirizana nayeyo wamupatsa kale poizoni mayiyo. Filimu yonse imamuyendetsa motero. Funso lake ndi lolungama: Wakanda inali kuti pamene anthu akuda ankagulitsidwa ndi kuponderezedwa, iyo ili ndi zida ndi mankhwala? Koma manja ake ndi amagazi. Amawombera chibwenzi chake chomwe osaphethira, amakanyanga pakhosi mayi wachikulire wosamalira munda wa zitsamba zopatsa mphamvu, n'kulamula kuti mundawo utenthedwe kuti pasadzakhalenso mfumu ina.

Oonera ambiri anatuluka akunena kuti Killmonger sanalakwe, mpaka mawuwo anafala pa intaneti. Ena anayankha kuti munthu amene akuti akumenyera anthu akuda koma amene akuwapha ndi akazi akuda, akumenyera mkwiyo wake wokha. Panali gulu lachitatu, limene mfundo yake ndimaiona yolemera. Iwo anafunsa chifukwa chimene filimu inatengera mwana wamasiye wa ku America, yekhayo wolankhula za ukapolo, n'kumusandutsa chilombo choyenera kufa, pamene kazitape wa bungwe la boma la America la CIA, Everett Ross, amene anasewera Martin Freeman, anamusandutsa bwenzi lowombera ndege zopita kukathandiza oponderezedwa. Kwa aliyense wodziwa kuti bungwe lomwelo linakonzapo chiwembu chopha Patrice Lumumba wa ku Congo, chimenechi ndi chovuta kumeza. Ine yankho langa ndi lakuti filimu sinamutaye Killmonger monga ena amanenera. T'Challa atabwerera kumalo a mizimu ya makolo, sakuwagwadiranso atate ake ngati poyamba paja. Akuwakalipira, mawu akunjenjemera, kuti analakwa kusiya Killmonger yekha ku America ali mwana ndi kufulatira dziko. Ngwazi yasintha chifukwa cha mdani wake, ndipo zimenezi sizichitika kawirikawiri m'mafilimu amtunduwu. Koma za kazitape uja, odandaula ali ndi mlandu womveka, ndipo sindiwatsutsa.

Pa nkhondo yomaliza palibe zokangana zambiri. Ngakhale okonda filimuyi amavomereza kuti kulimbana kwa panjanji ya pansi pa nthaka kunaoneka ngati masewera a pakompyuta, anthu awiri a zovala zofanana akugubuduzana mumdima. Kuyerekeza ndi kwa pamathithi, kumene T'Challa alibe chovala, alibe mphamvu, ndipo M'Baku akumufinya nthiti madzi akuthamanga m'miyendo, kusiyana kwake n'koonekeratu. Pamene tinaona thupi la munthu tinachita mantha. Pamene tinaona chovala chokha mtima unakhala m'malo.

Tsopano funso limene ambiri sadzifunsa: tikamati "oonera aikonda" kapena "oonera aikana", tikuwerenga chiyani? Manambala amene amayenda pa intaneti ndi angapo, ndipo iliyonse imayeza chinthu chake.

Yotchuka kwambiri ndi ya tsamba la pa intaneti la Rotten Tomatoes. Black Panther ili ndi 96 peresenti kumeneko kuchokera kwa akatswiri ounika mafilimu. Anthu ambiri amaganiza kuti amenewa ndi malikisi, ngati a mayeso. Ayi. Wounika aliyense amangowerengedwa kuti wavomereza kapena wakana, ndipo nambalayo ikunena kuti mwa ounika 100 alionse, 96 anavomereza. Filimu imene aliyense wati "ilibe vuto, n'njoonereka" ikhoza kufika 100, pamene filimu yolimba mtima imene theka laikonda kwambiri ndipo theka ladana nayo imathera pa 50. Pambali pake pamakhala nambala ya oonera wamba, imene ya Black Panther ili cha m'ma 79. Kusiyanaku anthu ena anakutenga ngati umboni woti akatswiri anaikweza chifukwa cha ndale za khungu. Koma mu 2018 aliyense ankatha kuponya voti pamenepo popanda kusonyeza kuti filimu waionera. Filimu isanatuluke n'komwe, gulu lina pa Facebook linalengeza poyera kuti likusonkhanitsa anthu oti akaipatse malikisi otsika, mpaka Facebook inalitseka. Chaka chotsatira zomwezo zinachitikira Captain Marvel ya Brie Larson, ndipo mu 2019 Rotten Tomatoes inasintha malamulo: inaletsa ndemanga filimu isanatuluke, kenako inayamba kupatula mavoti a anthu amene zatsimikizika kuti anagula tikiti. Sindikunena kuti onse amene anaipatsa malikisi otsika anali achiwembu. Alipo ambiri amene anaionera n'kuona kuti yatamandidwa mopitirira, ndipo ndi ufulu wawo. Koma nambala imene munthu wosaonera angaisunthe ikuyeza kupsa mtima pamodzi ndi maganizo, ndipo simungazilekanitse.

CinemaScore imayenda mosiyana. Antchito ake amaima pakhomo la sinema m'mizinda ingapo ya ku America usiku woyamba, n'kupatsa makadi anthu amene akutuluka kuti apereke giredi kuyambira A mpaka F. Apa palibe wonama kuti waonera. Black Panther inapeza A+, giredi imene mafilimu ochepa amaifika. Koma nayo ili ndi chilema chake: amene amapita usiku woyamba ndi okonda kale, ogula tikiti masabata angapo m'mbuyo. N'chifukwa chake filimu ya ngwazi ikapeza B, eni ake sagona tulo, ngakhale B amamveka ngati wabwino. Ndiye kuti ngakhale abale ake enieni atuluka akukanda mutu.

Muyeso umene ine ndimaukhulupirira kwambiri ulibe mavoti. Ndi ndalama za sabata yachiwiri. Sabata yoyamba imagulidwa ndi otsatsa malonda. Yachiwiri imagulidwa ndi zimene woonera wauza mnzake. Batman v Superman ya 2016, imene Ben Affleck anakanidwa ndi anthu zikwizikwi atangolengezedwa mu 2013, inatsegula ndi madola 166 miliyoni ku America, n'kutsika ndi pafupifupi 69 peresenti kumapeto a sabata yotsatira. Giredi yake ya CinemaScore inali B. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa amene anaikana filimuyo anati Affleck ndiye anali mbali yabwino. Black Panther inatsegula ndi madola 202 miliyoni m'masiku atatu, n'kutsika ndi pafupifupi 45 peresenti yokha. Inafika madola 700 miliyoni ku America ndi Canada, ndipo padziko lonse inapitirira 1.3 biliyoni. Ndalama zotere sizichokera kwa owerenga makomiki okha. Zinachokera kwa agogo amene sanaonerepo filimu ya Marvel, kwa mipingo ndi masukulu amene anagula maholo athunthu, kwa anthu amene anasonkha ndalama kuti ana a m'mabanja osauka akaonere, ndi kwa obwereza kachiwiri ndi kachitatu. Mu Epulo 2018 inakhalanso filimu imene Saudi Arabia inatsegulira sinema patatha zaka 35 zili zoletsedwa. Ku ma Oscar a 2019 inapikisana m'magawo 7, kuphatikizapo la filimu yopambana zonse, chinthu chimene filimu ya ngwazi yamtunduwu inali isanachitepo, ndipo inapata mphoto zitatu: ya zovala kwa Carter, ya kamangidwe ka malo kwa Hannah Beachler, ndi ya nyimbo kwa Ludwig Göransson.

Pali chinthu chimodzi chokhudza maganizo a oonera chimene manambala onsewa sasonyeza, ndipo chimandiwawa mpaka pano. Mu Epulo 2020 Boseman anaika kanema wamfupi pa Instagram akulankhula za thandizo la zipatala pa nthawi ya Covid-19. Anali ataonda kwambiri, masaya atalowa, chipewa chikuoneka chachikulu pamutu. Ena anada nkhawa n'kufunsa ngati ali bwino. Koma ena anamuseka, kumupangira zithunzi zonyoza, kunena kuti Black Panther wayamba mankhwala ozunguza bongo. Anali atatsala ndi miyezi inayi. Chikondi cha oonera pa wosewera wa ngwazi chili ndi mbali yolusa imeneyi. Timayamba kuona thupi lake ngati katundu wa filimu, loyenera kukhala monga tinalisiyira, ndipo likasintha timamva ngati watibera.

Ndi mtima wolemedwa ndi zimenezi umene anthu analowa nawo mu mkangano wa wolowa m'malo. Mu Disembala 2020 Kevin Feige, mkulu wa Marvel Studios, analengeza kuti gawo la T'Challa sapatsa wina. Ovomereza anati palibe njira ina. Osewera anzake anali pa maliro enieni. Mungamuuze bwanji Letitia Wright, amene amasewera Shuri mlongo wake wa T'Challa, kuti ayang'ane munthu wina m'maso n'kumutchula mchimwene patangopita chaka? Nanga wosewera amene angavomere gawolo, angapume bwanji aliyense akumuyeza ndi malemu? Iwo anati Black Panther ndi udindo, umachoka kwa wina kupita kwa wina, ndipo m'makomiki momwemo Shuri anauvalapo.

Otsutsa, amene anayambitsa kampeni yosonkhanitsa masiginecha kuti T'Challa apatsidwe wosewera wina, sankanyoza Boseman, ngakhale ena anawanena choncho. Mfundo yawo inali yowerengeka ndi zala. Batman wasewedwa ndi Keaton, Val Kilmer, George Clooney, Christian Bale, Affleck ndi Robert Pattinson. Spider-Man wadutsa mwa Tobey Maguire, Andrew Garfield ndi Tom Holland. Joker sanaikidwe m'manda ndi Ledger. Joaquin Phoenix anadzalandira Oscar yake pa dzina lomwelo mu 2020. Marvel yomweyo inachotsa Terrence Howard n'kuika Don Cheadle mu 2010, inachotsa Edward Norton n'kuika Mark Ruffalo mu 2012, ndipo William Hurt atamwalira mu 2022 gawo lake linapita kwa Harrison Ford. Ndiye bwanji ngwazi yakuda yoyamba yamphamvu zodabwitsa m'makomiki akuluakulu a ku America, imene anthu anaidikira zaka zoposa 50, ithere pa filimu yake imodzi? Ana aamuna akuda amene anaona mfumu yanzeru, yofatsa, yolemekeza amayi ake ndi mlongo wake, anamuona akufa kawiri pansalu, n'kufanso kunja kwa nsalu. Kwa iwo udindo si umene anaukonda. Anakonda T'Challa, munthu wake.

Apa mpamene pagona funso la pamutu paja, ndipo ine ndimaima pakati koma osati chifukwa choopa kusankha. Pa filimu yachiwiri ya Black Panther, Marvel inachita bwino. Coogler ndi anzake sakanatha kunamizira kuti palibe chachitika, ndipo oonera sakanawakhulupirira. Koma kunena kuti nthawi sinakwane n'kosiyana ndi kunena kuti nthawi sidzakwana. Boseman yemwe ntchito yake yaikulu inali kuvala mayina a anthu ena, Robinson, Brown, Thurgood Marshall, kuti mibadwo imene sinawaone iwadziwe. Sindikhulupirira kuti kulemekeza munthu wotere n'kutsekera dzina limene analikweza m'bokosi limodzi ndi iye. Mbiri ya Keaton, Jackman ndi Ledger ikutiuzanso kuti mawu akuti "palibe wina angathe" oonera tawanenapo kambirimbiri, ndipo amene anadzatitsutsa anali munthu amene sitinkamuganizira.

Black Panther: Wakanda Forever inatuluka mu Novembala 2022. Imayamba ndi Shuri ali m'chipinda chake cha sayansi, akuthamangitsa makina kuti apange mankhwala opulumutsa mchimwene wake ku matenda amene filimu siitchula dzina, mpaka amayi ake akulowa pakhomo ndi nkhope imene ikunena zonse. Kenako chizindikiro cha Marvel chikudutsa popanda nyimbo, zithunzi za Boseman zokhazokha. Holo imene ndinaoneramo inangoti zii, moti ndinkamva mpweya wa munthu wa pambali panga. Angela Bassett, monga Ramonda wotaya mwamuna ndi mwana, anasenza filimuyo mpaka analandira Golden Globe ndi kupikisana nawo pa Oscar, koyamba kuti wosewera apikisane pa mphotoyi chifukwa cha filimu ya Marvel Studios. Carter anapatanso Oscar yachiwiri. Tenoch Huerta, monga Namor mdani watsopano wa Wakanda, anapatsa oonera a ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo zina mwa zimene filimu yoyamba inapatsa anthu akuda. CinemaScore inapereka A, ndipo ndalama zinafika pafupifupi madola 860 miliyoni padziko lonse. Mbali iliyonse inawerenga nambalayi mokomera iyo: ena anati taonani, Wakanda yaima popanda mfumu yake, ena anati taonani, madola oposa 400 miliyoni apita ndi T'Challa. Pa Shuri oonera anagawikananso. Ambiri anamumvera chisoni ngati mlongo wolira, koma si onse anamukhulupirira atavala chovala.

Kumapeto kwenikweni, mayina a ojambula atayamba kale kudutsa, Shuri ali pagombe ku Haiti, watentha zovala zake za maliro. Nakia, wokondedwa wa T'Challa, akubwera atagwira dzanja kamnyamata kamene Shuri ndi oonera sankadziwa kuti kaliko. Kakuti dzina lake ndi Toussaint, kenako kakuulula kuti kali ndi dzina lina la ku Wakanda, ndipo dzinalo ndi T'Challa, mwana wa T'Challa. Amene ankati gawolo lisapatsidwe wina anaona kuti Boseman wasiyidwa mu mtendere, mpando wake osakhudzidwa. Amene ankafuna wosewera watsopano anagawikana pomwepo: ena anati khomo latsegulidwa, mwanayo adzakula, ena anati mwana wa dzina la atate ake si atate akewo, ndipo nkhani za T'Challa wa 1966 uja zikadali zosajambulidwa.